Thiransipoti yasanduka fizi yachiwiri kwa ophunzira a ku Kanengo

Mayina a osankhidwa kupita ku koleji akatuluka, mafoni sapuma. Pa WhatsApp pamadzaza zithunzi za mndandanda, dzina la mwana atalizunguliza ndi chofiira, azakhali akulemba kuti Mulungu ndi wabwino nthawi zonse. Chimwemwe chikatsika, banja limakhala pansi n'kuyamba kuwerengera: fizi ndi mwakuti, laputopu tikapempha yakale ija kwa amalume, nsapato ndi chikwama tikasankha pa kaunjika. Pa kuwerengera kumeneku kawirikawiri pamasowa funso limodzi, lomwe limadzavuta semesita ikafika pakati. Kodi mwanayu azikafika bwanji m'kalasi tsiku ndi tsiku?

Lero ndikufuna tikambirane za ophunzira a m'makoleji a ku Kanengo ndi madera oyandikana nako, makamaka amene amagona kwawo ku Chinsapo, Kawale, Biwi kapena Area 23. Mfundo yanga ndi imodzi basi. Ndalama ndi nthawi zomwe ophunzirawa akutaya pamsewu ndi fizi yachiwiri, imene palibe ofesi yomwe imailembera lisiti. Yakwana nthawi yoti makoleji, mabungwe a ophunzira ndi khonsolo ya mzinda asiye kuiona ngati nkhani ya aliyense payekha. Ulendo wa wophunzira uyenera kukonzedwa monga momwe amakonzera ndandanda ya mayeso.

Anthu ambiri akamva za Kanengo amaganiza za fodya, ndipo sakulakwa. Kumeneko n'komwe kuli msika wa fodya wa AHL, makampani ogula fodya monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI, nkhokwe zitalizitali za chimanga za NFRA, matanki a mafuta a NOCMA komanso siteshoni ya sitima. Koma m'chigawo chomwechi mulinso sukulu zingapo. Muli Malawi School of Government, yomwe ambirife timaitchulabe kuti MIM ngakhale mu 2022 adaiphatikiza ndi sukulu ya ku Mpemba n'kuipatsa dzina latsopanoli. Muli Daeyang University, pafupi ndi chipatala cha Daeyang Luke chomwe chidatsegulidwa mu 2008. Ukapitirira chakumpoto kuli Nalikule College of Education, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo ku Area 25 kuli Lilongwe TTC. Onjezanipo makoleji ang'onoang'ono omwe si aboma, ndi achinyamata amene amatumizidwa m'mafakitale kukaphunzira ntchito. M'mawa uliwonse onsewa amalimbirana mipando ndi anthu ogwira ntchito m'makampani.

Vutoli lidayambira pa mapulani a mzindawu. Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, ndipo okonza mapu adagawa mzinda m'zigawo zotalikirana: Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, pakati n'kusiyapo tchire ndi mitengo. Papepala zidali zooneka bwino ndithu. Koma mzinda womwazikana chonchi umakomera munthu amene ali ndi galimoto yake. Pa kalembera wa 2018, mumzinda wa Lilongwe mudapezeka anthu 989,318, ndipo ambiri mwa amenewa amayenda wapansi, pa kabaza kapena pa minibasi. Madera ambiri a lendi yotsikirako ali kummwera, kuzungulira Old Town, pomwe mafakitale ndi makoleji tikunenawa ali kumpoto, makilomita oposa 10 kuchoka pa depoti. Ndiye poti njira zambiri za maminibasi zimakathera pa depoti pomwepo, munthu wa ku Biwi kapena ku Chinsapo sangafike ku Kanengo ndi galimoto imodzi.

Tiyeni titsate ulendo wa mtsikana wa ku Chinsapo amene kalasi yake ikuyamba 7:30 m'mawa. Amadzuka kudakali mdima, kutunga madzi, kusamba, n'kuyenda wapansi mpaka pa siteji pa msewu wa Likuni. Minibasi yoyamba imamutula pa depoti. Apo amasaka ya Kanengo, anyamata oitanira akukuwa kuti watsala mmodzi, pomwe mkatimo theka la anthu ndi anzawo omwe akhalamo kuti ioneke yodzadza. Ikanyamuka, pali mdipiti wa pa mlatho wa Lilongwe, kenaka pa Crossroads, kenaka pa Area 18. Tsiku lina asanafike n'komwe, kondakitala amangoti, "Tathera pano, tsikani mukwere iyo," anthu n'kugulitsidwa ku minibasi ina yomwe nayonso iyambe yadikira kuti idzadze. Akatsika pa siteji ya Kanengo ulendo sunathe, chifukwa makoleji ambiri sali m'mbali mwenimweni mwa M1. Chotsalacho ndi kabaza, apo ayi kuyenda m'fumbi la mathiraki.

Tsopano tiwerengere. Mitengo imasintha malinga ndi ola komanso nyengo, choncho tingoyerekeza kuti minibasi iliyonse ikumutchaja K2,000. Kupita ziwiri, kubwera ziwiri, ndiye K8,000 patsiku, kabaza osamuwerengera. Pa sabata ya masiku asanu ndi K40,000. Semesita ikakhala ya masabata 16, yakwana K640,000. Yerekezani ndi ngongole ya chakudya ndi pogona yomwe bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board limapereka kwa ophunzira a m'mayunivesite aboma, imene mu 2024 idakwezedwa kuchoka pa K350,000 kufika pa K560,000 pachaka. Ngakhale wina anene kuti mtengo ndayerekezawo ndi wokwera, audule pakati, aonabe kuti thiransipoti yokha ikhoza kumeza ndalama yonse yomwe boma lidati ikwanira wophunzira kukhalira chaka chathunthu. Nanga amene ngongoleyo sadaipeze n'komwe?

Ndipo mtengo wa minibasi sudikira kuti semesita ithe. Ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Mwezi womwewo bungwe la MERA lidakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mu October 2025 adafika pa K3,499. Fizi ya koleji amalengeza chaka chisanayambe, kholo limadziwiratu n'kukonzeka. Fizi ya pa siteji imakwera usiku umodzi. M'mawa mwake wophunzira amangomva kuti, "Mafuta akwera, sisi, onjezerani," ndipo ndalama ya nkhomaliro ndiyo imalowa m'malo. Mafuta akasowa, monga zidachitikira kumapeto kwa 2022 komanso kumapeto kwa 2024, maminibasi amagona pa mizere ya pa filling station, ochepa omwe ali pamsewu n'kumatchaja momwe afunira.

Ndalama ndi mbali imodzi chabe. Wophunzira amene amatha maola atatu kapena anayi pamsewu tsiku lililonse ndi wosiyana kwambiri ndi mnzake wogona pa hostel, ngakhale onse akhale m'kalasi imodzi n'kulemba mayeso amodzi. Wa pa hostel akaweruka amalowa mu laibulale, madzulo amakambirana ndi anzake pagulu, amagwiritsa ntchito Wi-Fi ya pasukulu mpaka usiku. Wa ku Area 23 ikangokwana 4 koloko maso amakhala pa wotchi, chifukwa akachedwa pang'ono akakumana ndi anthu oweruka m'makampani, mitengo itakwera, maminibasi atayamba zobanduka. Amafika kunyumba kutada, atatopa, mwina magetsi atazima. Zotsatira zikatuluka timati mwana uyu ndi waulesi, sakulimbikira. Kunena zoona, ena mwa amene timawatcha ofooka m'kalasi adangogonja ndi msewu. Ena amasankha masiku opita ku sukulu malinga ndi ndalama ili m'thumba: Lolemba ndi Lachitatu apita, masiku enawo adzakopera manotsi pa foni.

Ena amati yankho ndi kabaza, poti ndi wachangu ndipo sadikira kudzadza. N'zoona, njinga zamoto zathandiza anthu ambiri, ndiponso zapatsa ntchito achinyamata omwe akadakhala akungokhala. Koma pitani ku chipatala cha Kamuzu Central mukaone kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu. Madokotala a mafupa akhala akudandaula poyera kuti ngozi za njinga zamoto ndizo zikudzadza mawodi awo. Ku Kanengo chiopsezo chake n'chachikulu kuposa kwina chifukwa njingazi zimapikisana ndi mathiraki a makontena, matanka a mafuta, ndiponso malole a mabelo a fodya omwe amandanda m'mbali mwa msewu msika ukatsegulidwa cha mu April. Okwera ambiri alibe chipewa chotetezera mutu, ndipo oyendetsa ena alibe laisensi. Wophunzira amadziwa zonsezi, koma mphunzitsi akati mayeso ayamba 8 koloko ndipo wochedwa salowa, amakwera basi, n'kungoti Mulungu adziwa.

Atsikana ali ndi mtolo winanso pamwamba pa umenewu. Pa depoti ndi m'masiteji pamakhala kukokedwa dzanja, kulandidwa chikwama ndi oitanira kuti ukwere yawo, mawu achipongwe onena za kavalidwe. Sitidaiwale zomwe zidachitika mu January 2012 pamene amayi ndi atsikana adavulidwa m'misewu ya Lilongwe chifukwa chovala mathalauza. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere, koma ndani akadandaule za munthu yemwe sakumudziwa dzina, pamalo pomwe mawa adzadutsanso? Ndiye pali abambo a galimoto zawo amene amaima pa siteji madzulo n'kutsitsa galasi, "Mukulowera kuti, mwanawe? Tiyeni ndikakusiyeni." Sindikunena kuti aliyense wopereka lifiti ali ndi maganizo oipa ayi. Koma mtsikana amene watsala ndi K500 m'thumba ndipo kukuda alibe mpata wosankha bwino. Timawalangiza kwambiri atsikana athu za kudzisunga, koma langizo lopanda basi yowafikitsa kwawo ndi lopepuka.

Nanga wophunzira woyenda pa njinga ya anthu aulumali, kapena wosaona? Minibasi yothithikana anthu anayi pampando, pomwe lamulo limati atatu, ilibe malo a njinga yake, ndipo akapezeka malo amamulipiritsa kawiri. Kuchoka pa siteji kukafika pa geti ya koleji, malo ambiri alibe kanjira ka oyenda pansi. Dzinja likafika ndi matope ndi zithaphwi, chilimwe ndi fumbi, usiku ndi mdima wa ndiweyani. Tikamanena kuti maphunziro apamwamba ndi a aliyense, tiziyamba taona ngati aliyense angathe kufika pa getipo.

Pothawa zonsezi ophunzira ambiri amasaka kachipinda ka lendi pafupi, ku Area 25 kapena ku Mgona, n'kumakhala atatu kapena anayi. Kwa ena zimathandizadi. Koma eni nyumba nawo amadziwa kuti ophunzira alibe kolowera, ndiye lendi imakwera chaka ndi chaka, chimbudzi chimodzi mabanja angapo, madzi ogula pa kiyosiki. Komanso si aliyense angachoke pakhomo. Alipo amene amasamala abale awo aang'ono, alipo amayi a ana, alipo apantchito omwe amaphunzira madzulo kapena Loweruka. Kumanga mahostel okwanira ndi chinthu chofunika, koma tonse tikudziwa kuti ndi ntchito ya zaka zambiri. Wophunzira wa chaka chino sangadikire zimenezo.

Pano ndisamveke ngati ndikuloza chala madalaivala ndi makondakitala. Anyamata amenewa amadzuka mwini galimoto atawaikira kale ndalama yoti abweretse madzulo. Pamwamba pa iyo agule mafuta, alipire oitanira pa siteji iliyonse, athane ndi apolisi apamsewu, kenaka chotsalacho ndiye chawo. Mwini galimoto naye akulira ndi mitengo ya matayala ndi zipangizo zomwe zimafuna ndalama zakunja. M'dongosolo lotere, kudikira kuti minibasi idzadze, kubandula ulendo ndi kukweza mtengo nthawi ya chipwirikiti ndi njira yawo yopulumukira. Kuwatukwana pa Facebook sikusintha kanthu. Chomwe chingasinthe zinthu n'kuwapatsa chimene amachisowa kwambiri: okwera otsimikizika, pa ola lodziwika, ndalama yolipiriratu.

Tiyamikire kuti misewu yasintha. Interchange ya pa Area 18 idatha mu 2020, ndipo msewu wa M1 kuchoka pa Crossroads kukafika ku Kanengo udakuzidwa ndi thandizo la dziko la China. Amene tidazolowera kuima pa mzere wa galimoto pa Area 18 tikudziwa kusiyana kwake. Koma msewu wotakata umapindulira kwambiri amene ali ndi chiwongolero m'manja. Kwa wophunzira amene waima pa depoti kudikira kuti minibasi idzadze, phula latsopanolo silichepetsa mphindi 40 zomwe wataya galimoto isananyamuke. Tawononga ndalama zambiri pokonza poyenda galimoto, koma pa dongosolo la momwe anthu wamba akwerere sitinachitepo kanthu kooneka.

Akuluakulu athu amakumbukira nthawi yomwe m'mizinda munkayenda mabasi akuluakulu a UTM, osati chipani chija ayi, koma kampani ya United Transport Malawi. Mu 1989 idagulidwa ndi kampani ya ku Britain ya Stagecoach, kenaka mu 1997 idasanduka Shire Bus Lines, yomwe idadzatha m'zaka za m'ma 2000. Mabasiwo adali ndi mavuto awo, koma ankanyamuka pa nthawi yolembedwa, odzadza kapena ayi, ndipo mtengo udali pa tikiti. Atatha, mzinda wonse udatsala m'manja mwa maminibasi, masiku ano kuphatikizapo ma Sienta ndi akabaza. Sindikuitanitsa kuti kampani ya boma ya mabasi iuke kwa akufa. Ndikungokumbutsa kuti basi yonyamuka pa nthawi yake si maloto a ku Ulaya, idayendapo m'misewu yathu yomweyi.

Anzathu kwina adaliona kale vutoli. Ku University of Johannesburg kuli mabasi oyenda pakati pa masukulu ake anayi, kuphatikizapo ya ku Soweto, ndipo wophunzira amangoonetsa khadi lake. Ku University of Cape Town nakonso kuli mabasi otere. Koma chitsanzo chomwe chimandigwira mtima ndi cha ku Germany. Mu 1991, mumzinda wa Darmstadt, bungwe la ophunzira lidakambirana ndi oyendetsa mabasi kuti wophunzira aliyense azilipira ndalama imodzi pa semesita, pamodzi ndi zolipira zina za pasukulu, khadi lake n'kukhala tikiti. Poti olipira adali ambiri ndipo ndalama imabwera pakamodzi, mtengo wa munthu mmodzi udatsika kwambiri. Nzeruyi idafalikira m'mayunivesite ambiri a dzikolo. Onani kuti adayambitsa ndi ophunzira eni ake. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Palinso phunziro lochokera ku Tanzania loti tisalinyalanyaze. Kumeneko ana asukulu ali ndi mtengo wawo wotsika m'maminibasi a daladala, woikidwa ndi boma. Zikumveka bwino eti? Koma amene adafikako ku Dar es Salaam akudziwa kuti m'mawa makondakitala amawakankhira kumbuyo anawo, kuti ayambe akwera olipira mtengo wonse. Kungolamula kuti wophunzira azilipira theka, popanda wobwezera theka linalo, kumangopangitsa kuti wophunzirayo azisiyidwa pa siteji. Choncho andale akadzabwera ndi lonjezo la mtengo wa ophunzira, tidzawafunse kuti chotsalacho alipira ndani.

Ndiye tichite chiyani? Poyamba, mabungwe a ophunzira awerenge anthu awo. Izi sizifuna thandizo la kunja. Fomu ya pa Google, yotumizidwa m'magulu a WhatsApp a kalasi iliyonse, mafunso ake ochepa: umakhala kuti, umanyamuka nthawi yanji, umakwera kangati, umalipira zingati, mwezi wathawu wajomba kangati chifukwa cha thiransipoti. Sabata imodzi yakwana. Mukapita kwa akuluakulu a koleji n'kunena kuti tikuvutika, adzakuuzani kuti aliyense akuvutika m'dziko muno. Mukapita ndi pepala losonyeza kuti ophunzira mwakuti amachokera ku Kawale ndi Biwi, mwakuti ku Chinsapo, ndipo onse amafuna kufika isanakwane 7:30, nkhani imasintha. Pepala lomwelo ndi limene mwini basi angalimvetse msanga, chifukwa kwa iye ndi makasitomala.

Chachiwiri, makoleji a m'chigawo cha Kanengo akhale pamodzi. Koleji imodzi payokha mwina singadzadze basi ya anthu 60 yochokera ku Area 23, koma atatu kapena anayi akaphatikizana idzadza. Aitane eni mabasi ndi a bungwe la eni maminibasi la MOAM kuti apikisane pa mtengo wa semesita yonse. Njira ziwiri n'zokwanira poyambira. Ina ichoke ku Area 23 kudzera ku Kawale ndi City Centre mpaka pa Area 18, ina ichoke ku Chinsapo kudzera pa bypass ndi msewu wa Kaunda, kudutsa ku Area 49. Zonse ziwiri sizilowa pa depoti, ndipo pokhapo wophunzira wapulumutsa mtengo wa minibasi imodzi ndi nthawi yodikira. Basiyo izikafika pa geti, m'mawa kawiri, madzulo kawiri, yomaliza inyamuke laibulale ikatsekedwa. Kulipira kukhale kwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pamwezi kapena pa semesita, ndalama zipite ku akaunti yoonekera kwa onse, osati m'thumba la mtsogoleri wa ophunzira.

Chachitatu ndi chosafuna ndalama n'komwe: ndandanda ya makalasi. Palibe chifukwa choitanira munthu wa ku Chinsapo kalasi ya ola limodzi 7:30 m'mawa, ina n'kudzakhala 4 koloko madzulo, kapena kumuyendetsa masiku asanu pa maphunziro omwe akadakwana masiku atatu. Okonza ndandanda akadziwa kuti theka la kalasi limachokera kutali, angathe kuunjika maphunziro m'masiku ochepa, n'kuyambitsa kalasi yoyamba chipwirikiti cha m'mawa chitadutsa. Ndipo aphunzitsi athu okondedwa, mukadziwa kuti simubwera, uthenga pa gulu la kalasi usiku wake ndi wokwanira. Kulengeza 8 koloko m'mawa kuti kalasi yalephereka, anthu atalipira kale maminibasi awiri, n'kuwadyera ndalama ana a eni.

Chachinayi chikupita ku khonsolo ya mzinda wa Lilongwe ndi Roads Authority. Pa masiteji a Kanengo pakufunika pobisalira mvula, magetsi a dzuwa, malo owolokera ooneka bwino, ndi kanjira ka oyenda pansi kolowera kumakoleji. Akabaza a pa siteji iliyonse alembedwe, avale manambala, akhale ndi chipewa chachiwiri cha wokwera. Makampani a ku Kanengo nawo ali ndi gawo. Ena mwa iwo amanyamula kale antchito awo pa mabasi, ndiye akudziwa bwino mtengo wake ndi njira zake. Chaka chilichonse timawaona pa zithunzi akupereka macheke akuluakulu a zachifundo. Kulipirira mbali ya basi ya ophunzira, omwe mawa adzakhale anamwino, aphunzitsi ndi akalaliki awo, kungakhale chifundo chooneka tsiku lililonse. A bungwe la ngongole nawonso, akamawerengera zosowa za wophunzira, aziikapo mzere wa thiransipoti kwa amene sadapeze malo pa hostel.

Ndikudziwa zomwe ena anene. Adzati ophunzira alibe ndalama yolipiriratu mwezi wathunthu, amapeza ya tsiku ndi tsiku. N'zoona kwa ambiri, n'chifukwa chake pafunika tikiti ya sabata komanso thumba lothandiza ovutikitsitsa. Adzati eni maminibasi ndi oitanira sangalole kulandidwa makasitomala. N'chifukwa chake ndikuti ntchitoyi ipatsidwe kwa iwo omwewo kudzera m'mgwirizano, asaone ngati abwera kudzawalanda nsima pakamwa. Adzati mafuta akakwera mgwirizano udzasokonekera. Mgwirizano wolembedwa bwino umanena kale kuti mafuta akakwera mwakuti, mtengo udzasintha mwakuti, ndipo zimenezo zili bwino kuposa kudzidzimutsidwa ndi kondakitala m'mawa. Adzatinso ntchito ya koleji ndi kuphunzitsa, osati kuyendetsa mabasi. Koma koleji imene imalandira fizi ya munthu, n'kumulemba kuti wajomba osafunsa chomwe chamujombetsa, ikuphunzitsa okhawo amene makolo awo ali ndi galimoto.

Zomwe ndanena za Kanengo zikukhudzanso ophunzira a LUANAR amene amayenda makilomita pafupifupi 30 kupita ku Bunda, kapena a ku NRC pa msewu wa Mchinji. Koma Kanengo ndi malo abwino oyambira chifukwa zonse zilipo kale: msewu wakuzidwa, okwera ndi ambiri, makoleji ali moyandikana, makampani a ndalama ali pomwepo. Chikusowa ndi munthu woitanitsa msonkhano woyamba.

Munthu ameneyo, mwa kuona kwanga, ndi inu amene mukuwerenga izi pa foni, mwina muli m'minibasi yomwe ikudikirabe mmodzi wotsala uja. Zisankho za mabungwe a ophunzira zikafika, ofuna mipando amalonjeza Wi-Fi yachangu, madisiko ndi ma T-shirt. Chaka chino afunseni za basi. Afunseni kuti adzawerenga liti ophunzira oyenda kuchoka kutali, adzakumana liti ndi anzawo a makoleji oyandikana nawo, ndipo adzakuuzani liti zomwe eni mabasi ayankha. Amene alibe yankho musamupatse voti. Mwana wosalira amafera pamsana, ndipo pa nkhani iyi takhala chete nthawi yaitali, aliyense akulimbana ndi kondakitala payekha pa chenji cha K200.